Penshoni Imene Ndinaletsa a Kachingwe

Ine pakamwa ndinabadwa napo. Malemu mayi anga ankati ndinayamba kutsutsa anthu ndisanamere mano, ndipo amene anakhalapo nane nyumba imodzi ku Woodbridge angakuuzeni kuti ku Amereka matendawa anangokula. Lero imvi zili mbuu, ndinabwerera kwathu, ndipo mwezi ukatha foni imalira kundiuza kuti penshoni yalowa. Anzanga ikalira choncho amamwetulira. Ine ndimaitembenuza n'kuiika patebulo, chifukwa imandikumbutsa a Kachingwe.

Ndisanapite kunja ndinali kalaliki pa kampani ina ya boma ku Lilongwe. Mwayi wa lotale ya girini khadi, chiphaso chokakhalira ku Amereka, utandigwera ndinayamba kuyenda mapewa m'mwamba. Ndinagulitsa njinga yamoto, ndinatsanzika ngakhale kwa anthu amene sanandifunse. Mkazi wanga, mayi a Tadala, sanatengeke nazo. Kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke anandikokera ku ofesi ya thumba la penshoni kumene kampani yathu inkatisungitsira ndalama. Anali atamva kuti munthu ngakhale wasiya ntchito, ngakhale ali kunja, akhoza kupitiriza kusonkha yekha mwa kufuna kwake.

"Sainani apa," anatero. "Ine ndimakudziwani. Ndalama m'manja mwanu sizigona."

"Mayi, ndikupita ku dziko la madola. Tindalama ta penshoni tidzandichitira chiyani?"

"Funso limenelo mudzandifunse mano atatha."

Ndinasaina kuti nkhani ithe.

Pabwalo la ndege anandichingamira a Kachingwe. Sitinkadziwana, abusa a mpingo wathu ndiwo anawapatsa dzina langa. Anali munthu wamfupi, wa dazi, wosathamangira kuyankhula. M'manja ananyamula chijasi chakuda.

"Vala ichi, mphwanga. Kuno mphepo siseka ndi munthu."

Kwawo kunali ku Ntcheu koma anakwatira ku Chiradzulu. Anayendetsapo galimoto zaka zambiri pa kampani ina ya boma, kenaka bwana wawo atatumizidwa ku ofesi ya kazembe anawatenga kuti aziyendetsa banja lake. Bwanayo ataitanidwa kubwerera kumudzi, a Kachingwe anatsalira. Mapepala anatha, iwo anakhalabe. Ankatsuka mbale ndi kukolopa pa malo ena odyera ku Alexandria, malipiro ankalandirira m'manja. Munthu wotero ku Amereka alibe penshoni. Akagwa, wagwa.

Tinkakhala atatu m'nyumba ya zipinda ziwiri, pamwamba pa banja lina la ku El Salvador: a Kachingwe, ine, ndi Mulenga wa ku Lusaka amene ankanyamula anthu pa galimoto yake. Miyezi itatu yoyamba a Kachingwe anandisiyira bedi lawo, iwo n'kumagona pampando wa pabalaza, ati msana wawo umakonda polimba. Linali bodza, ndinazindikira mochedwa. Lendi sanandilipiritse kufikira nditapeza ntchito. Anandiphunzitsa kugula nkhuku kumsika wa Amwenye, kuzimitsa kabelu ka utsi tikamakazinga usipa, ndi kukwera galimoto za ulere zopita m'tauni. Kumeneko kuli chizolowezi chake: mwini galimoto amafuna anthu okwanira kuti adutse mbali yothamanga ya msewu wa I-95, ndiye mbandakucha amanyamula anthu osawadziwa amene afola pamzere. Lamulo lake n'lakuti wokwera sayamba kuyankhula. Kwa ine chinali chilango. Ndinkafika pokwerera sitima mawu atandidzaza m'mimba.

Ntchito ndinaipeza ku Bethesda, kunyumba yosungirako okalamba. Kalaliki uja, wa tayi uja, ndinayamba kusambitsa azungu, kuwaveka, kuwapukuta, kuwanyamula kuchoka pabedi kupita pampando. Kumudzi ndinkangoti ndili ku za umoyo. Sindinkanama kwenikweni, koma ndinkadziwa chimene anthu akuganiza, ndipo ndinkawasiya aganize. Msana unkawawa, manja anasuwa ndi sopo, koma chimene ndinaona kumeneko ndi ichi: ukalamba ulibe chisoni, ndipo nkhalamba imene ili ndi kake kolowa mwezi ndi mwezi imayankhula mokweza kuposa imene ikudikira ana. Ndinaziona ndi maso angawa tsiku ndi tsiku. Ndikunena zimenezi kuti wina asadzati sindinkadziwa.

A Kachingwe nawonso ankasonkha ku thumba lomwelo la penshoni. Anayamba asanachoke kumudzi ndipo sanasiye. Poti analibe akaunti ya banki, ndipo timalemba ta pafoni tinkawavuta, kutumiza kunagwera ine. Lamulungu loyamba la mwezi, tikachoka ku tchalitchi, ankatulutsa envulopu m'thumba la jekete n'kuiika patebulo. Ine ndinkatumiza zawo, kenaka zanga. Lolemba ndinkawasindikizira lisiti kuntchito, iwo n'kulipinda bwinobwino n'kuliika m'chitini cha mabisiketi chimene chinkakhala pansi pa bedi.

"Khola langa ndi limeneli," ankatero akugogoda chitinicho. "Ng'ombe zake sizidwala chigodola."

Mulenga ankawaseka. "Ba mudala, imwe na chitini chanu! Tsiku nyumba ikapsa muzayamba kuchosa chitini, ise tipsile mukati."

"Iwe uli ndi miyendo. Chitini chilibe."

Tinakhala choncho zaka zingapo, mwamtendere, kufikira tsiku la phwando.

Amalawi a m'dera lija amakumana nyengo yotentha pa paki ina, kuotcha nyama ndi kufunsana za kumudzi. Kumabwera aliyense: a ku ofesi ya kazembe, ophunzira, madokotala, ndi ife onyamula nkhalamba. Ana amathamangathamanga, ukawalonjera m'Chichewa amayankha m'Chingerezi. Koma ngakhale nyama ndi imodzi, mipando imadziwana. Ophunzira amakhala pawokha, ife patokha. Ine mtima wanga unkafuna mpando wa uko. Tsiku limenelo ndinadzikankhira pagulu la bambo wina amene tonse tinkangomutchula kuti a Dokotala, katswiri wa zachuma. A Kachingwe anabwera pambuyo panga atanyamula mbale ya nyama kudzagawira anthu.

Nkhani inali ya kwacha.

"Amangwetu, let's be serious," ankatero a Dokotala. "Kwacha ikugwa chaka ndi chaka. Iwe ukutumiza madola, iwo akukusungira makwacha. By the time ukupuma, ndalama yonseyo ikugulira matumba angati a feteleza? Kumeneko n'kutunga madzi ndi lichero. Mangani nyumba. Njerwa sizichita devaluation. Kodi alipo pano amene akusonkhabe penshoni kumudzi?"

Anthu anaseka. A Kachingwe, poti anali munthu wosadziwa kubisa, anati, "Ine ndimasonkha, bwana."

Mayi wina anabisa kumwetulira m'kapu. Pamenepo ndi pamene Satana anandikhala palilime. Ndinaona kuti anthu akutiyang'ana tonse awiri, poti tinkadziwika kuti ndife a nyumba imodzi, ndipo ndinachita manyazi ndi munthu amene anandisiyira bedi lake.

"Ndakhala ndikuwauza madalawa!" ndinatero mokweza. "Ali ndi chitini cha malisiti pansi pa bedi, amati ndi khola la ng'ombe. Ine zimenezo ndinasiya kalekale. Ndalama zanga ndikuika mu property."

Gulu lonse linaphulika. A Dokotala anandimenya paphewa n'kunditcha munthu woganiza. Ndinamva kukoma, ndisaname. A Kachingwe anaseka nawo pang'ono, anamaliza kugawa nyama, n'kubwerera kumene anachokera.

Pobwerera, m'galimoto ya Mulenga, tinadutsa mtsinje wa Occoquan. Kenaka a Kachingwe anatembenuka.

"Mphwanga, unasiyadi?"

Apa ndiye panali pothawira. Ndikanangoti, "Ayi madala, ndimangocheza," bwenzi nkhani itathera m'galimoto momwemo. Koma Mulenga analipo, ndipo ndinali nditangotchedwa munthu woganiza.

"Ndasiya mwezi wathawu. Sindinafune kukukhumudwitsani."

"Iwe unapita kusukulu," anatero. "Ngati iwe wasiya, ndiye kuti pali chimene waona."

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga sunachedwe. Lamulungu loyamba la mwezi wotsatira envulopu inabwera patebulo monga mwa masiku onse, koma a Kachingwe anati ndalamazo zipite kwa mlamu wawo ku Chiradzulu, aumbitse njerwa. Anali atagwirizana kale ndi akazi awo, mayi Nasibeko, kuti amange nyumba ya malata pamalo pamene panali kanyumba kawo ka udzu.

Mulenga ndiye anafunsa funso limene ndinayenera kufunsa ine.

"Ba mudala, manje iyo plot ni yandani? Ili mu zina yanu?"

"Ndi pamudzi pa akazi anga. Ndakhalapo zaka makumi atatu."

"Ndiye ngati ba mayo bapita, imwe muzankala bwanji?"

Ine ndinakulira m'chikamwini. Ndikudziwa kuti mwamuna pamudzi pa mkazi ndi mlendo, ngakhale atabzala mitengo n'kudya zipatso zake. Ndinkadziwanso kuti a Kachingwe ndi mayi Nasibeko analibe mwana wamoyo. Mnyamata wawo mmodzi yekhayo anamwalira ali wamng'ono, ndipo mwana wamkazi amene anali pakhomopo anali wowapeza. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma kuvomereza kuti Mulenga akunena zoona kukanakhala kugwetsa nzeru zanga za pa paki zija.

"Iwe Mulenga, za chikamwini zinatha," ndinatero. "Masiku ano kuli malamulo. Ndani angathamangitse munthu m'nyumba imene wamanga ndi thukuta lake?"

Sindinalekere pomwepo. Ndinawafufuzira kuti munthu amene anasiya ntchito kale amaloledwa kutapa gawo lalikulu la ndalama zimene anasunga. Mafomu ndinawalembera ndine, ndi dzanja langa lokongola la ukalaliki. Ndalamazo zinagula malata, simenti ndi mafelemu a mawindo.

Kunena chilungamo, nanenso ndinayesa kusiya, kuti bodza lija lisanduke zoona. Ndinaimbira mayi a Tadala n'kuwafotokozera za kwacha, za lichero, za njerwa, mawu onse a a Dokotala ngati anga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwatha? Nyumba tidzamanga, koma penshoni simusiya. Mukasiya ndigulitsa makina anga osokera ndizilipira ndekha, ndipo anthu adziwa chifukwa chake."

Mkazi wanga saopseza. Ndinapitiriza kusonkha.

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wa nkhope ziwiri. Lamulungu ndinkatumiza ndalama za a Kachingwe ku njerwa, tili limodzi patebulo. Kenaka ndinkati ndikukataya zinyalala, n'kukaima kuseri kwa nyumba pafupi ndi mabini, n'kutumiza zanga ku penshoni. Foni yake yomweyo, chala chake chomwecho. Mwezi uliwonse ndinkadziuza kuti mwezi wamawa ndiwauza. Koma bodza likakhalitsa limamera mizu. Poyamba ndinkaopa kuoneka wopusa; patapita chaka ndinkaopa kuoneka mfiti.

Chowawa kwambiri n'chakuti ankandithokoza. Zithunzi zikabwera pafoni ankandiitana. "Taona, afika pa lintala." "Taona, akhoma malata." Nyumba inali yokongoladi, ya zipinda zitatu, khonde lalikulu loyang'ana phiri. Ankaloza pakhondepo n'kunena kuti mpando wawo udzakhala apa, wailesi apa. Khirisimasi ina anandigulira nsapato zachikopa, munthu wotsuka mbale.

"Unanditsegula maso, mphwanga. Bwenzi ndikusungabe mapepala m'chitini."

Nsapatozo ndinazivala kamodzi kokha. Zinkandikwana bwinobwino, koma sindinathe kuyenda nazo.

Mayi Nasibeko anadwala sabata imodzi yokha. Uthenga wa imfa yawo unatipeza m'mawa tikukonzekera kupita kuntchito. A Kachingwe anakhala pansi, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja. Kupita kumaliro sakanatha, chifukwa munthu wopanda mapepala akatuluka ndiye watuluka. Mwambo wonse anauonera pafoni imene Mulenga anaimika pa botolo la mafuta ophikira. Anthu a mpingo anadzaza pabalaza pathu kuimba nyimbo. Pafonipo tinkaona bokosi likutuluka pakhomo la nyumba yatsopano ija, khomo limene mwini wake anali asanalowepo. Ine ndinkaimba nawo, koma maso anga anali pa anthu amene anakhala pakhonde paja: alongo a malemu, ana a achemwali awo, mwana wowapeza uja ndi mwamuna wake. Ndinkawerenga nkhope zawo.

A Kachingwe anagwirabe ntchito chaka china ndi theka, kufikira mawondo anakana. Kuima tsiku lonse pa sinki kunawathera. Eni malo odyera anapeza wina. Amalawi tinasonkha ya tikiti, ine ndinapereka zambiri kuposa onse, anthu n'kumanditama kuti ndine mnzawo weniweni. Pabwalo la ndege anandikumbatira. Chitini chija anachiika m'chikwama cha m'manja.

"Ukadzabwera udzandipeze pakhonde," anatero.

Zimene zinachitika ku Chiradzulu ndinazimva kwa iwo eni pafoni, mawu awo ali phee ngati akunena za munthu wina. Anawalandira bwino. Anagona m'nyumba yawo miyezi iwiri. Kenaka akuchikazi anaitana akwawo a ku Ntcheu, ati mwambo unatsala poti mwamuna anali kutali: kumusudzula, kumumasula kuti ukwati watha ndipo akhoza kubwerera kwawo. Panalibe kutukwana, panalibe kukankhana. Anawathokoza chifukwa chosunga bwino mwana wawo ndi kumumangira nyumba. Anawapatsa masutikesi awo, wailesi, ndi nkhuku ya pa ulendo. Malo ndi a mbumba, ndipo nyumba siinyamulika. Wina anawauza kuti apite kukhoti, iwo anakana, ati sangakokane ndi anthu pamanda a mkazi wawo. Anapita kukakhala kwa mwana wa mlongo wawo ku Ntcheu, m'kachipinda kosungiramo chimanga.

Ndinawatumizira ndalama kangapo. Kenaka ndinayamba kuchedwa kuyankha mafoni awo. Sikuti ndinkawaumira, mawu awo ndiwo ankandiotcha. Sanandidandaulepo ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho ndicho chinkandipha. Mulenga anandiuza tsiku lina tikudya, osandiyang'ana, "Iwe na kamwa yako, unapaya mudala." Iye sankadziwa n'komwe theka la nkhaniyo.

Nanenso nthawi yanga inakwana. Msana unayamba kukana kunyamula anthu, ndipo ndinaona kuti ndikachedwa adzayamba kundinyamula ndine. Ndinabwerera. Tadala amene ndinamusiya akusewera fulaye ndinamupeza ali ndi ana awiri, akundipatsa moni mogwada ngati mlendo wa bambo ake. Mayi a Tadala anali atamanga nyumba ku Area 25 ndi zimene ndinkatumiza, ndipo makiyi onse anali m'chikwama chawo. M'nyumba mwanga ndinkafunsa pamene pamakhala supuni. Koma ndinali ndi pogona, kandalama ka ku Amereka kankabwera, ndipo nditapita ku ofesi ya penshoni ija anandikonzera zonse mosavuta. A Dokotala sananame kwenikweni: kwacha inadyadi ndalamazo, zimene ndimalandira si zambiri. Koma zimabwera, ndipo palibe mlamu amene angandisudzule kwa izo.

Patatha mwezi umodzi foni inalira. Anali a Kachingwe.

"Ndamva wafika, mphwanga. Ndili ndi pempho. Paja ku penshoni kuja kunatsala kenakake. Ndikufuna ndikafunse, koma maso anatha ndipo maofesi a masiku ano sindiwadziwa. Ungandiperekeze?"

Ndinafuna kunena kuti ndikudwala. Mayi a Tadala anali pomwepo akusenda mbatata, ndipo anamva zonse. Iwo nkhani yonse ndinali nditawaululira. Anangondiyang'ana. Ndinavomera.

Ndinakawachingamira kudepoti. Munali m'mwezi wozizira, ndipo anatsika minibasi atavala chijasi chakuda chomwe chija anandiveka pabwalo la ndege. Tsopano chinkawakulira. Anayenda ndi ndodo, kukhwapa atapanira jumbo, m'jumbomo muli chitini. Anandigwira nkhope ndi manja onse awiri n'kuseka.

"Wanenepa! Akukusunga bwino mayi."

Njira yonse ndinkapemphera kuti tikapeze kalaliki wina. Pakhomo ndinayesa kuzemba, ndinati ndiwadikira panja. Anandigwira mkono. "Nanga andiwerengere ndani?"

Tinapeza mayi yemwe uja anandithandiza mwezi wapitawo. Atangondiona nkhope yake inawala.

"Aa, bambo a ku Amereka! Mwabweranso? Yalowa bwino ya mwezi uno?" Kenaka anatembenukira kwa a Kachingwe, mwaulemu wake wonse. "Agogo, anzanuwa ife timawaperekera chitsanzo muno. Zaka zonse anakhala kunja sanadumphepo ngakhale mwezi umodzi. Anthu akunja ambiri amayamba n'kusiya, koma awa ayi."

Ndinamva dzanja lija likuchoka pamkono wanga, pang'onopang'ono.

A Kachingwe sanandiyang'ane. Anatsegula chitini, anatulutsa malisiti awo, onse opindidwa mofanana, n'kuwayala pa kauntala. Mayi uja anati sakufunika, zonse zili m'kompyuta. Anafufuza, kenaka anatsitsa mawu. Anati poti gawo lalikulu linatapidwa ndipo kusonkha kunaima kalekale, zotsalazo n'zochepa kwambiri moti sizingagawidwe mwezi ndi mwezi. Adzangowapatsa kamodzi, basi. Analemba nambala pakapepala. Ine ndiye ndinawawerengera, poti ndi ntchito imene anandiitanira. Iwo anangogwedeza mutu, anasaina pamene ndinawalozera, anathokoza mayiyo, n'kubweza malisiti m'chitini limodzilimodzi.

Panja tinakhala pa benchi ya simenti pansi pa mtengo. Magalimoto ankadutsa. Ine amene ndinkavutika kukhala chete mphindi makumi anayi pa I-95, pamenepo lilime linauma.

"Mwezi uja tinatumiza za njerwa zoyamba," anayamba, akuyang'ana kumsewu, "nawe unatumiza zako?"

"Eya, madala."

"Tsiku lomwelo?"

"Tsiku lomwelo."

"Pomwe unkati ukukataya zinyalala paja."

Sanafunse, ananena. Ndinayamba kufotokoza za paki, za a Dokotala, za manyazi, za mayi a Tadala. Mawu ankatuluka opanda mutu. Ndinati andikhululukire. Ndinati kuyambira lero penshoni yanga tizigawana pakati, ndipo kunyumba kwanga kuli chipinda. Misozi inkagwera pa malaya, bambo wamkulu ndi imvi zanga, anthu odutsa akundiyang'ana.

Anandisiya ndilire. Kenaka anapukusa mutu.

"Nyumba ndinamanga ndine, sunandigwire dzanja. Ndipo mkazi wanga anafera pansi pa malata, osati pa udzu wodontha. Chimenecho sindidandaula." Anapuma kaye. "Koma ndinakufunsa, mphwanga. M'galimoto muja ndinakufunsa."



Chipinda anakana. Ndalama zimene ndinatulutsa m'thumba anatengapo ya minibasi yokha, zotsala anandibwezera m'dzanja n'kulitseka ndi lawo. Tinayenda mpaka kudepoti, ine ndikuchepetsa mapazi kuti ndifanane ndi ndodo yawo. Kondakitala atawapezera malo a kutsogolo, anaima pakhomo la minibasi, anatulutsa chitini m'jumbo n'kundipatsa.

"Tenga. Kwathu kulibe pochiika, chiswe chingadye. Iwe ndiye umatha kusunga zinthu."

Anakwera, anakhala, anayang'ana kutsogolo. Minibasi inachedwa kudzaza, ndipo ndinaima pomwepo nthawi yonseyo, chitini chili m'manja, kudikira kuti mwina atembenuka. Sanatembenuke.

Mwezi uliwonse foni ikalira, mayi a Tadala amatumiza theka kwa mwana wa mlongo wa a Kachingwe uja, ndipo tinamupempha kuti asanene kumene zikuchokera. Mtsikanayo akuti amalume ake amadya, safunsa, koma dzina langa salitchula. Chitini chili pansi pa bedi langa. Ndinachitsegulapo kamodzi. Malisiti onse ali m'ndondomeko yake, mwezi ndi mwezi, ndipo lomaliza ndi la mwezi wa phwando lija. Ndinawasindikizira ndine.